Tanthauzo la mawu akuti "bangarra"

Mawu akuti "bangarra" ndi a chilankhulo cha Wiradjuri, cha eni nthaka a chigawo chapakati cha New South Wales ku Australia. Amatanthauza kukoleza moto.

Masiku ano ambiri amawadziwa ngati dzina la gulu lovina, Bangarra Dance Theatre, lomwe linayamba mu 1989 ku Sydney. Ovina ake ndi ochokera m'mitundu ya Aborigine ndi ya kuzilumba za Torres Strait. Magule awo ndi opekedwa chatsopano, koma nkhani zake, nyimbo ndi kapondedwe ka mapazi zimachokera kwa akuluakulu a kumidzi, omwe amayamba afunsidwa kaye. Stephen Page anatsogolera gululi kuyambira 1991 mpaka 2022, ndipo Frances Rings analowa m'malo mwake mu 2023.

Kwa ine, dzinali limawayenera kwambiri akakhala paulendo kusiyana ndi akamavina mu Sydney Opera House. Amafika m'matauni aang'ono akutali, kuphunzitsa achinyamata, nthawi zina n'kubwerera kumudzi komwe nkhani inatengedwa kuti eni ake akaone zomwe zapangidwa, gule akuvinidwa panja, pafumbi, anthu atakhala pansi.