Mmene mitundu inalowera m'zithunzi za Bridget Riley

M'zithunzi zotchuka za Mayi Bridget Riley, wojambula wa ku Britain wobadwa mu 1931, mulibe nkhope, mtengo kapena nyumba. Muli mizere, timabokosi ndi madontho basi. Koma ukaziyang'anitsitsa zimayamba kugwedezeka, moti ena amamva nazo chizungulire.

Kuyambira mu 1961 mayiwa ankagwiritsa ntchito utoto wakuda ndi woyera wokha. Mu 1965 anatulutsa zithunzi zodinda 7 zotchedwa Fragments, zomwe a Kelpra Studio ku London anazidinda pa pulasitiki yoonekera mkati. Chaka chomwecho chionetsero cha The Responsive Eye ku New York chinawatchukitsa, komanso chinawapsetsa mtima, pakuti osoka zovala anakopera mizere yawo n'kuiika pa madiresi osawapempha.

Kadindidwe ka zithunzi zodindazi n'kofunika kukamvetsa. Odinda amakunga nsalu yopyapyala pa felemu, n'kutseka malo onse amene utoto suyenera kudutsa, kenako amakhula utotowo ndi labala kuti ugwere papepala, ngati ufa pa sefa. Mtundu uliwonse umafuna nsalu yakeyake. Utoto umagona mosalala, osaonetsa pamene padutsa burashi, ndipo n'zimene Mayi Riley ankafuna: diso lilimbane ndi mitunduyo, lisatanganidwe ndi dzanja la wojambula.

Mitundu sanaithamangire. Anadzera kaye ku zotuwa. Zithunzi zodinda za Nineteen Greys za mu 1968 ndi timadontho tooneka ngati mazira pamalo otuwa, ndipo kutuwako kwina n'kofunda, kwina kozizira. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panagona luso lawo lonse, ngakhale anthu ambiri amazidutsa msanga zithunzizi pofuna zowala. Munthu amene watha kusiyanitsa kutuwa kosiyanasiyana chonchi savutika kudziwa chimene chofiira chingachite chikayandikana ndi chobiriwira. Mu 1968 momwemo anapambana mphoto yaikulu ya zojambula ku chionetsero cha Venice Biennale, mkazi woyamba kuilandira.

Ulendo wa ku Egypt kumapeto kwa 1979 unasinthanso zinthu. M'manda akale a kumeneko anaona kuti amisiri ankabwereza mitundu yochepa yomweyo, yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yobiriwira, koma makomawo n'kumawalabe. Atabwerera anaiika mitunduyi m'mizere yoimirira yothithikana. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mizereyo inapendekeka n'kuduka timagawo, ndipo pambuyo pake inayamba kupindika.

Pokonzekera masewero a Olympics a ku London a 2012 anapanga chithunzi cha Rose Rose, mizere yogona yapinki yosakanikirana ndi yabuluu, yobiriwira ndi yachikasu, yomwe ena amati ndi njira za othamanga. Kudinda kwenikweniko amasiyira amisiri, monganso kupenta zithunzi zikuluzikulu amasiyira owathandiza. Ntchito ya mayiwa ndi yosakaniza utoto, kudula mapepala opakidwa kale n'kumawasunthasuntha patebulo mpaka mtundu uliwonse utapeza woyandikana nawo woyenera.