Ng'ombe

Ng'ombe ndi dzina la chiweto chachikulu cha nyanga, ndipo silisintha kaya tikunena imodzi kaya khola lathunthu. Chimene chimatiuza kuchuluka kwake ndi mawu otsatira, monga "ng'ombe yanga" ndi "ng'ombe zanga". Dzinali nlakale ndithu, pakuti Atumbuka, Ayao ndi Aswahili amatchula chimodzimodzi, Abemba nati ing'ombe, Ashona nati mombe; koma Azulu, amene kwawo ndiko kudachokera makolo a Angoni, amati inkomo.

M'dziko la Ntcheu, kumene Angoni a Maseko adakhazikika ndi mafumu awo a Gomani, malilime awiri, Chichewa ndi Chingoni, adakomana, ndipo ngakhale Chingoni chidazilala m'kamwa mwa adzukulu, kufikira kuti mnyamata woyendetsa ngolo ya mbatata ku msika wa Lizulu sadziwa konse liwu loti inkomo, mawu ena a kukhola adatsalira osafa: yamphongo yosafula tikuitchabe nkhunzi, mwana wake thole, monga momwe Azulu anenera inkunzi ndi ithole. Nzosadabwitsa, poti mwana wa ng'ombe upeza akudya udzu anaonera amake.

Kwa Mngoni ng'ombe ndiyo idali chuma, yolowolera mkazi ndi kulipira milandu. Angerezi nawonso, titero, sadasiyane nafe: liwu lawo lakuti cattle lidachokera ku Chilatini capitale, ndiye kuti chuma cha munthu, ndipo poyamba linkanena katundu aliyense lisanatsalire pa ziweto zokha.