Nankafumbwe wamkulu

Nankafumbwe wamkulu, pa sayansi Prostephanus truncatus, ndi kachilombo koboola mitengo youma ka m'banja la Bostrichidae. Anachokera ku Mexico ndi Central America, nafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ku Malawi anapezeka koyamba ku Karonga mu 1991.

Ndi woderako, wotalika mamilimita 3 mpaka 4, ndipo alibe mlomo wautali ngati nankafumbwe wamba. Pomwe walowa pamaoneka timabowo tozungulira ndi ufa wambiri. Amabisala m'mitengo ya nkhokwe n'kumafumbwitsa chimanga ndi makaka, zakudya zomwe anthu a madera ngati Chonde ku Mulanje amadalira. Chimanga chosatonola ndicho chimaonongeka kwambiri, choncho alangizi amalimbikitsa kutonola ndi kuthira mankhwala musanasunge.