Liu la Chifalansa Lakuti "Préalable" ndi Chabwalo cha Kwathu

Chifalansa chinayamba kumveka m'dera la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, pamene ansembe a White Fathers anatsekula mishoni ya Kachebere pafupi ndi malire m'chaka cha 1903. M'chilankhulo chimenechi muli liu lakuti "préalable", lochokera ku mau awiri otanthauza "patsogolo" ndi "kupita". Limanena chinthu choyenera kuchitika poyamba, anthu asanakhale pansi kukamba nkhani.

Achewa ndi Angoni a ku Mchinji ganizoli amalidziwa kuyambira kale. Mfumu siyamba kumva mlandu chabwalo chisanaperekedwe, ndipo mnyamata amapereka chikole ankhoswe asanakumane. Komatu chabwalo ndi mwambo umene onse amauvomereza, pamene "préalable" pa ndale imaikidwa ndi mbali imodzi, ndipo ina ikhoza kuikana.

Liuli linatchuka pa nkhondo ya ku Algeria, imene inayamba mu 1954. Afalansa ankati nkhondo ithe poyamba, pamene omenyera ufulu ankati Afalansa ayambe avomereza kuti dzikolo lidzadzilamulira. Kukumana kwao ku Melun mu June 1960 kunalephereka, ndipo pangano linachitika ku Evian mu March 1962.

M'dziko la Nyasaland munachitikanso zofanana. Boma la atsamunda linagwira Dr. Banda pa 3 March 1959 ndi kukamtsekera ku Gwelo. Chipani cha Malawi Congress chinakana kuonekera pamaso pa bungwe la Monckton, ndipo chinaumirira kuti sipangakhale zokambirana mtsogoleri wao ali m'ndende. Iain Macleod, nduna yoyang'anira maiko a atsamunda, anaona kuti panalibenso wina wokamba naye. Tsono Dr. Banda anamasulidwa pa 1 April 1960, msonkhano wa ku Lancaster House unayamba mu July, ndipo chisankho chinachitika mu August 1961.

Mphunzitsi wofotokoza zaka zimenezi m'kalasi angachite bwino kuyambira pa chabwalo, chimene ana anachiona kwa amfumu. Kenaka awafunse kuti anaika choyenera kuchitika poyamba ndani, nanga anagonja ndani. Mwana woyankha mafunso awiriwa wazindikira kumene mphamvu inali m'chaka cha 1960.