Mapuloteni amene amauza maselo kuti asiye kuchulukana

Mukadzicheka ndi mpeni, maselo a m'mphepete mwa bala amayamba kugawikana n'kumachulukana mpaka balalo litatsekeka. Akakumana pakati, amasiya. Kodi amadziwa bwanji kuti akwana?

Mbali ina ya yankho ili m'mapuloteni omata maselo. Odziwika kwambiri ndi E-cadherin, yemwe amapezeka pakhungu komanso m'maselo okuta mkati mwa chifu, matumbo, mabere ndi khomo la chiberekero. Gulu la mapuloteniwa linatulukiridwa ndi wasayansi wa ku Japan, Masatoshi Takeichi, ndipo amamata pokhapokha pali kashiamu.

Mmene amagwirira ntchito

Mbali imodzi ya E-cadherin imatulukira kunja kwa selo n'kugwirana ndi inzake ya selo loyandikana nalo. Mbali ya mkati imatumiza uthenga. Maselo akathithikana, puloteni yotchedwa YAP imatsekeredwa kunja kwa phata la selo, momwe mumakhala DNA, ndipo lamulo loti selo ligawikane limachepa mphamvu. Pakatseguka mpata, monga pabala, YAP imalowa m'phatamo ndipo kugawikana kumayambiranso.

Zikasokonekera

M'mitundu yambiri ya khansa, E-cadherin amachepa kapena kusoweratu. Maselo amapitiriza kuchulukana ngakhale malo atadzaza, ndipo poti sanamatane bwino, ena amathothoka n'kufalikira ku ziwalo zina. Mu 1998, ofufuza a ku New Zealand anapeza kuti khansa ya m'chifu yomwe inkapha anthu ambiri a m'banja lina la a Maori inkachokera ku vuto la jini ya CDH1, yomwe imapanga puloteniyi.

Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, nako kamachepetsa E-cadherin m'maselo amene kalowa, kuwonjezera pa kuwononga mapuloteni ena oletsa kugawikana. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansayi imapha amayi ambiri.

Kuwonongekaku kumachitika pang'onopang'ono, popanda ululu poyamba. Bungwe la WHO limati khansayi imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ikule, koma zaka 5 mpaka 10 zokha kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga yemwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV. Pazaka zimenezi maselo osokonekera angapezeke n'kuchotsedwa asanasanduke khansa.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse lino mu 2019. Kwa amayi, WHO imalimbikitsa kuyamba kuyezetsa khomo la chiberekero pa zaka 30, kapena 25 ngati ali ndi HIV, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.