Za Zomba ndi Msika Wake

Ambiri a ife amene tikhala kumidzi tinamva dzina la Zomba tikali ana, pakuti makolo athu ankati kumeneko ndiko kuchokera malamulo, msonkho ndi asilikali. Masiku ano anthu apita ku Zomba pa zifukwa zina. Wina akaona mwana wake wophunzira pa sukulu yaikulu ya ku Chirunga, wina akazonda mbale wodwala, wina akagula nsomba ndi mpunga, ndipo alendo a maiko akutali adza kudzakwera phiri. Tsono popeza ulendo wotere ungagwere aliyense wa ife, tayesa kuti nkwabwino tilongosole pano mbiri ya mudziwo, kuti munthu akafika adziwe chimene maso ake alikuona. Alendo ambiri athamangira nyumba zakale za Boma ndi pamwamba pa phiri, ndipo sachimwa potero. Koma ife tifuna kuonetsa kuti moyo wa Zomba uli pamsika, ndi kuti msikawo udya za m'phiri ndi za m'nyanja.

Tiyambe ndi malo ake. Mzinda wa Zomba uli patsinde pa phiri lalikulu, mtunda wa makilomita ngati 65 kuchokera ku Blantyre. Nsonga yaitali ya phirilo, dzina lake Malumbe, ipitirira mamita 2,000 kutalika kwake. Kum'mawa kwa mzinda kuli chigwa chachikulu, ndipo kumapeto kwa chigwacho kuli Nyanja ya Chilwa, imene ilandira mitsinje koma ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi a Mulunguzi, Likangala ndi Domasi achokera m'mapiri amenewa nakathera m'nyanjamo. Sungani mawu awa, pakuti tidzabwerako pa mapeto.

Azungu asanafike, eni dziko lino anali Amang'anja, ndiwo Anyanja. Iwo analibe ndalama kapena sitolo, koma malonda anawadziwa ndithu. A m'mbali mwa Chilwa ankatcheza mchere wa m'dothi, ena ankasula makasu, ena ankaomba nsalu za thonje, ndipo zonsezi ankasinthana ndi mapira, nkhuku ndi nsomba zouma. Chapakati pa zaka za 1800 anafika Ayao ochokera kum'mawa, nakhazikika m'mapiri, ndipo mafumu awo monga Malemia ndi Kawinga anakula mphamvu. Ayao anali odziwa njira za ku nyanja yamchere. Amtengatenga awo ankapita ndi minyanga ya njovu, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Koma pamodzi ndi minyangayo ankapitanso anthu omangidwa m'magoli. David Livingstone ndi John Kirk pamene anafika pa Nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859, anapeza dziko lachonde ndi la anthu ambiri, koma patangopita zaka zowerengeka nkhondo ndi njala zinalipasula. Tisabise mawu, abale: katundu wa mtengo wapatali amene anatuluka m'chigwa chimenechi masiku amenewo anali munthu.

Mzungu woyamba kukhalitsa pa Zomba anali John Buchanan, amene anadza ndi Mishoni ya Blantyre mu 1876 ngati wosamala za m'munda. Atasiyana ndi Mishoni mu 1881, iye ndi abale ake analima khofi ndi nzimbe pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Ndiye amene mu 1886 anamangira nyumba kazembe wa Angelezi, dzina lake Hawes. Nyumbayo ili ndi nsanja ziwiri za madenga osongoka, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu anaitcha Masongola. Pambuyo pake inasanduka nyumba yogona alendo, ndipo ili m'gulu la nyumba zakale kopambana m'dziko muno. M'zaka zomwezo, mu 1884, Mishoni ya Domasi inayambika m'dziko la Malemia.

Mu 1891 anafika Harry Johnston kudzakhazika Boma la Angelezi, nasankha Zomba kuti likhale likulu. Anakonda malowo chifukwa cha madzi ake osaphwa, mphepo yake yozizira, ndi kukongola kwake; ndiponso panali pafupi ndi njira zimene ogula akapolo ankadzera. Alexander Whyte, munthu wake wodziwa za mitengo, anayamba munda wa maluwa ndi mitengo ya maiko ena kunsi kwa Masongola, ndipo mundawo ulipo kufikira lero, ndi mtsinje wa Mulunguzi woyenda pakati pake. Mu 1895 Kawinga anathira nkhondo kwa Malemia, koma asilikali a Boma anamgonjetsa nalanda linga lake la pa phiri la Chikala. Kuyambira pamenepo malonda a anthu anazirala m'dera limenelo.

Nanga msika unabadwa bwanji? Zifukwa zake zinali ziwiri. Choyamba, Boma linasonkhanitsa pamalo amodzi anthu ambiri osalima: akalaliki, asilikali, amesenjala, ophika, osindikiza mapepala a Boma, ndi akaidi omwe. Anthu onsewa anafuna ufa, ndiwo ndi nkhuni tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, Boma linaika msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa chaka, ndipo munthu wa kumudzi anayenera kupeza ndalama imene makolo ake sanaidziwe. Wosafuna kukagwira ntchito pa munda wa Mzungu anasenza dengu la chimanga kapena mtanga wa nsomba, natsikira nazo ku Boma. Kotero njala ya wa pantchito inakomana ndi msonkho wa mlimi, ndipo pokomanirapo ndiwo msika. M'zaka zomwezo Alomwe ambiri anawoloka kuchokera ku dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, nalima m'chigwa cha Chilwa, ndipo chifukwa chake mpaka lero pamsika wa Zomba mumva Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe pa mzere umodzi.

Masitolo anatsata pambuyo. Kampani ya African Lakes, imene inayamba mu 1878, anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa akulu ake. Panalinso masitolo a Kandodo. Koma munthu wamba ankagula kwambiri kwa Amwenye, amene Johnston anawalimbikitsa kudza kuno. M'sitolo ya Mmwenye munali nsalu, mchere, sopo, singano, mafuta a nyali ndi makasu a ku Ulaya, ndipo pakhonde pake pankakhala telala ndi makina ake, kotero kuti wogula nsalu m'mawa ankabwerera kwawo madzulo atavala malaya. Ubwino wake unali woonekera, koma kuipa kwake kunabisika: khasu la m'sitolo linazimitsa ng'anjo ya wosula, ndipo nsalu ya m'sitolo inagonetsa ntchito ya woomba thonje. M'zaka za 1970 Boma linalamula Amwenye kuchoka kumidzi ndi kuchita malonda m'mizinda inayi yokha, ndipo Zomba unali umodzi wa iyo.

Wina angafunse kuti, popeza Zomba linali likulu, bwanji silinakule ngati Blantyre? Yankho lake ndi njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre mu 1908, koma ku Zomba sinafike konse. Fodya, thonje ndi katundu wolemera zinatsata njanji kunka ku Limbe ndi Blantyre, ndipo Zomba anatsala mudzi wa maofesi, wa asilikali ndi wa msika wa zakudya.

Mlendo wolowa mumzinda kuchokera ku Blantyre aona nsanja ya njerwa zofiira pafupi ndi malo a asilikali a Cobbe. Chimenecho ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, gulu limene linalandira dzinali mu 1902. Poima pamenepo tikumbuke akufa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndiponso amtengatenga zikwi zambirimbiri amene anatengedwa m'midzi yathu kukasenza katundu wa nkhondo, ambiri a iwo osabwerako. Akuluakulu a ku Zomba asimbanso za December 1946, pamene mvula yoopsa inagwa usana ndi usiku, phiri linagumuka, ndipo madzi anakokolola milatho, nyumba ndi anthu. Eni dziko anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, paulendo wake wa kunyanja.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma latsopano linatsimikiza kusamutsira likulu pakati pa dziko, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kufikira 1994, nayonso inasamuka. Ambiri anayesa kuti mudziwo udzafota monga dzungu lodulidwa ku mpesa wake. Koma sizinatero. Sukulu ya Chancellor College inali itasamukira kale ku Chirunga mu 1973, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi analowa m'malo mwa akalaliki pa kugula. Nkhokwe ya makalata akale a dziko lino, imene inayamba mu 1947, inatsala komweko. Pa kalembera wa 2018 anthu a mumzindawo anapitirira 100,000. Abwanamkubwa anapita, nduna zinapita, koma mayi wa dengu la tomato sanaleke kutsika m'mamawa.

Tsono inu wofika ku Zomba, yambani ndi msika, ndipo muyende pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mudzapeza nsomba zitatu za ku Chilwa: matemba, makumba ndi mlamba, zambiri zodzera pa dooko la Kachulu. Mudzapeza mpunga wa m'minda yothirira ya ku Domasi ndi Likangala. Za m'phiri ndizo mbatata ya kachewere, kabichi, mapichesi ndi sitiroberi pa nyengo yake, zimene zikonda kuzizira. Mudzaona malichero, mphasa, mikeka, miphika, mbaula za amisiri a malata, zitenje, ndi zovala za kaunjika. Pitani m'mawa nsomba zisanawawidwe ndi dzuwa. Musagule pa mulu woyamba. Zungulirani mufunse mitengo. Kunenerera ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa wokondwa aika basela. Koma kumbukirani kuti iye walipira galimoto ndi chiphaso cha msika, kotero musamfinye kufikira atataya phindu lake lonse. Ndalama zanu musunge mkati mwa chovala, pakuti pochuluka anthu sipasowa wa dzanja lalitali.

Mukatha za pamsika, kwerani phiri ngati nthawi ilola. Msewu wake ngwokhotakhota, ndipo utulukira pa Ku Chawe, pamene pali nyumba ya alendo. Pamwambapo pali damu la Mulunguzi limene limwetsa mzinda wonse, ndi mathithi a Williams. Pali malo awiri oonerapo dziko: ena atchedwa Queen's View chifukwa cha mayi wa Mfumukazi ya Angelezi amene anacheza m'dziko muno mu 1957, ndi ena Emperor's View chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anadza mu 1965. Kukacha bwino, muona kuchokera pamenepo chigwa chonse, Nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje kutali. Kumadzulo kwa phiri kuli Dzenje la Chingwe, limene akuluakulu anena kuti kale ankaponyamo anthu. M'mbali mwa msewu anyamata agulitsa zipatso, ziboliboli ndi miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri momwemo. Tengani chofunda, pakuti nkhungu itsika modzidzimutsa, ndipo musalowe m'nkhalango popanda wodziwa njira.

Tibwerere tsopano ku mitsinje ija tinaitchula poyamba. Woima pamwamba pa phiri aonanso chinthu chomvetsa chisoni, ndicho zitunda zambiri zometedwa mpala ndi nkhwangwa ndi moto, ndi anthu otsika ndi matabwa, nkhuni ndi makala pamutu ndi pa njinga. Sitiwaweruza msanga, pakuti umphawi ndiwo uwatuma, ndipo ife amene tigula makalawo tili nawo mlandu womwewo. Koma phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Mvula ikagwa ithamanga tsiku limodzi ndi dothi, ndipo m'chilimwe mitsinje ichepa. Nyanja ya Chilwa njosaya, ndipo iphwa mvula ikasowa zaka zotsatana. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gone pamtunda. Zaka zotere matemba asowa pamsika, mtengo wa ndiwo ukwera, ndipo msodzi, woumitsa nsomba, wa njinga ndi wogulitsa onse agona ndi njala pamodzi. Akulu anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa.

Chifukwa chake tinena kuti mbiri ya Zomba itiphunzitsa ife a kumidzi kanthu. Mudzi umenewu unapirira kuchoka kwa Bwanamkubwa ndi kwa Nyumba ya Malamulo, pakuti alimi ndi asodzi anaudyetsabe. Koma kuphwa kwa Mulunguzi ndi Chilwa sungakupirire. M'chigwa mmene makolo athu anayendetsedwa m'magoli, zidzukulu zawo lero ziyenda mwaufulu ndi malonda a manja awo, ndipo ichi nchoyenera kuyamika. Mukapita ku Zomba, gulani mokondwa, onani zonse, ndipo pobwera mudzasimbire ana anu. Mudzawauzenso kumene kuchokera madzi amene alera nsomba ndi mpunga umene mwawatengera, kuti iwonso asamale mitengo ya pa phiri ndi pa mtsinje wa kwawo.