Nyimbo ya Lachisanu imene Ayuda amaliranso nayo agogo

FUNSO: Ndimagwira ntchito m'nyumba ya banja la Chiyuda ku Johannesburg. Agogo aakazi a m'banjamo atamwalira, mdzukulu wawo anawerenga pamaliro mawu omwe aja amene bambo a m'nyumbamo amaimbira akazi awo Lachisanu madzulo. Nyimbo ya pachakudya ikhalanso bwanji ya maliro? Inachokera kuti? Wowerenga, Johannesburg.

YANKHO: Mawuwo muli nawo kale m'Baibulo mwanu. Tsegulani Miyambo 31, kuyambira ndime 10 mpaka 31. Ndakatuloyi Ayuda amaitcha Eshet Chayil, kutanthauza mkazi wangwiro. Ndime zake ndi 22, ndipo m'Chiheberi iliyonse imayamba ndi chilembo chakechake mondondoza, kuyambira alef kukathera pa tav, motero ngakhale mwana savutika kuloweza.

Mwambo wa Lachisanu ndi wa dzana poyerekeza ndi ndakatuloyo. Unafala kuchokera kwa akatswiri a Kabbalah (chiphunzitso cha zinsinsi za chipembedzo cha Chiyuda), amene likulu lawo m'zaka za m'ma 1500 linali tawuni ya Safed ku Galileya, kumene kunasonkhana Ayuda ambiri pambuyo pothamangitsidwa ku Spain mu 1492. Akuluakuluwo poimba ankaganiza za Sabata, limene limayamba Lachisanu madzulo ndipo ankalilandira ngati mkwatibwi. Koma pakhomo, makandulo atayatsidwa, mikate iwiri itavundikiridwa ndi kansalu, vinyo akudikira dalitso, maso a woimba amagwera pa mayi amene wakhala chiimire tsiku lonse kukonza zonsezi. Nyimbo inasanduka yake. Maimbidwe amene afala kwambiri masiku ano anapekedwa ndi Ben Zion Shenker wa ku Brooklyn mu 1953.

Za maliro zili ndi muzu wakale kuposa pamenepa. Buku la aphunzitsi achiyuda lotchedwa Midrash Tanchuma limati awa ndiwo mawu amene Abrahamu analira nawo Sara, ndipo ndime yonena za kugula munda limailumikiza ndi munda wa Makipela, kumene Sara anaikidwa. N'chifukwa chake mdzukulu uja sanachite zachilendo, ndipo pamiyala yambiri ya manda a amayi achiyuda pamalembedwa dzina la ndakatuloyi.

Kwa ine, ndakatuloyi imawakhala bwino agogo kuposa mkwatibwi, ngakhale kuti kwathu kuno timakonda kuiwerenga polangiza mtsikana amene akulowa m'banja. Taonani mayi wa m'ndakatuloyi. Amasankha yekha ubweya ndi kupota ulusi. Amadzuka kusanache kugawa chakudya ndi ntchito. Akaona munda amayamba waulingalira, kenako n'kugula, n'kudzalamo mphesa ndi ndalama za thukuta lake. Amasoka zovala n'kukagulitsa kwa amalonda, wosauka akafika pakhomo sabwerera chimanjamanja, ndipo akatsegula pakamwa anthu amatolapo nzeru. Zonsezi munthu sangazichite m'chaka chimodzi. Ndi mbiri ya moyo wonse, yowerengedwa ndi ana amene akula n'kuzindikira amene anawasenza. Kumuuza mtsikana wa zaka 20 kuti akwanitse zonsezo mawa n'kumusenzetsa mtolo. Kuziwerenga pamaliro a agogo ndi kupereka umboni.

Si onse amene amaikonda. Amayi ena achiyuda amadandaula kuti mwamuna wa m'ndakatuloyo amangokhala kubwalo ndi akuluakulu pamene mkazi akuthyoka msana, ndipo m'mabanja ena mkazi naye amabwezera powerengera mwamuna wake Salimo 112. Dandaulolo lili ndi mfundo. Komabe woti mayi ameneyu ndi wofatsa chabe, wongokhala duu, sanawerenge bwino: chuma cha pakhomopo chikuyenda m'manja mwake.

M'Baibulo lonse, mkazi mmodzi yekha wodziwika dzina ndiye anatchedwa eshet chayil. Ndi Rute, pa Rute 3:11, ndipo anamutcha choncho ndi Boazi. Panthawiyo anali wamasiye, mlendo wochokera ku Mowabu, wokunkha barele m'minda ya eni kuti adyetse apongozi ake. Patsogolo anadzakhala agogo a Jese, bambo ake a mfumu Davide.